Sari Yofiira M'kati mwa Chofunda

"Chofunda ichi ndikapereka ndekha," anatero alamu anga a Parul uku akuyala pakhonde sari zakale, nsalu zazitali zimene akazife timavala. "Ngati simufuna, singano ndi iyi, sokani nokha."

Amuna anga a Nitai anasiya kudya, dzanja lili m'mbale momwemo. Ine ndinali nditangowaikira mutu wa nsomba, ndipo ndinaima ndi chipande m'manja kukhala ngati ndaiwala ntchito yake. Chikwatiwire changa pakhomo pano, zaka makumi awiri ndi zinayi, ndinali ndisanamvepo alamu akukana kanthu.

"Achemwali, zayamba liti zimenezi?" anafunsa a Nitai. "Mukaime pamwambo wa khanda ndi nsalu yanu yoyera yaumasiyeyo? Mukufuna mwana wanga Tuli amupirikitse ku banja?"

"Tuli ndinamusambitsa ndine ali wofiira. Wagonera zofunda zanga mpaka tsiku la ukwati wake. Wafa?"

"Tsoka silinunkha, achemwali."

"Nanga mpunga mukudyawo wapeta ndani? Umenewo ndiye ulibe tsoka?"

Apa a Nitai anayamba kuopseza. Anawakumbutsa kuti kutauni ya akachisi, m'mbali mwa mtsinje wa Ganga, kuli nyumba za akazi amasiye kumene amaimba nyimbo za mapemphero tsiku lonse n'kupatsidwa kampunga ka m'manja. Anati iwo safuna kutumiza mlongo wawo kumeneko, koma asawakakamize. Alamu anangowerama n'kumasalaza nsalu ndi chikhatho. Kwina kopita analibe. Amuna awo anamwalira patangotha miyezi isanu ndi iwiri atakwatirana, iwo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo akuchimuna anawabweza kuno ndi kabokosi kachitsulo kamodzi.

Nkhani yake inali iyi. Kunatsala masabata atatu kuti mdzukulu wathu Bubai, mwana wa Tuli, alawe mpunga koyamba, ndipo mwambo unali wokachitikira kwa asewere athu a Bishakha, tsidya lina la mtsinje. Ife si anthu opereka ndolo zagolide. Mphatso yapakhomo pathu, kaya ndi ukwati kaya ndi khanda, yakhala chofunda chimene timachitcha kanta. Umasanjikiza sari zakale zinayi kapena zisanu, zofewa chifukwa chochapachapa, n'kuzisoka pamodzi ndi ulusi wosolola m'mphepete mwa sari zomwezo. Chimangodya maso ndi msana basi. Midzi itatu yotizungulira imadziwa zofunda za Aloka, ndipo Aloka ndine. Koma ndinene pano mosabisa, ine ngakhale chigamba cha thumba la mpunga chimandikanika. Ntchito yanga inali kulowetsa ulusi m'singano, popeza maso a alamu anayamba kuchita nkhungu, kenako kunyamula phukusi n'kukalandira mayamiko.

Kwathu kuno dzanja la mkazi wamasiye silikhudza zinthu za mkwatibwi kapena za khanda. Tsiku loyamba limene mayi wina anandifunsa kuti, "Mwasoka ndinu?" ndinavomera kuti mphatso isakanidwe. Tsiku lachiwiri ndinavomera chifukwa zinandikomera.

A Nitai atachoka kupita kumunda, ndinakhala pafupi ndi alamu n'kuyamba kuwanyengerera. Ndinawauza kuti mutu umodzi susenza denga, tichite mogwirizana. Iwo atsale pakhomo, ine ndipite nacho, ndipo mwana akangogonapo anthu n'kuona kuti denga silinagwe, ndiimirira pakati pa azimayi onse n'kunena yemwe wasoka.

"Munganene, inu?" anandiyang'ana cham'mbali.

"Ndinena, alamu."

"Maso angawa sadzasokanso china. Ichi n'chomaliza. Sindikupempha kudya nawo nsomba, kapena kukhala pamphasa ya alendo. Ndikungofuna munthu mmodzi wa kunja kwa mpanda uno adziwe. Gwirani zibangiri zanu."

Ndinagwira zibangiri zanga zaukwati, zoyera ndi zofiira, zimene mkazi savula mwamuna wake ali moyo, n'kulumbira. Pakamwa sipanalemere n'komwe.

Tinkasoka masana, anthu akagona chifukwa cha dzuwa, m'kachipinda ka alamu kogundana ndi khola, chitseko chotseka. Ndati tinkasoka, mwaona mmene bodza limakanirira. Iwo ankasoka, ine ndinkakhala kumanja kwawo n'kumalowetsa ulusi. Singano ikatha ulusi ankangotambasula dzanja osayang'ana, ine n'kuwaikira ina. Pakati pa chofunda panamera duwa lalikulu la m'dziwe, kenako nsomba, zinkhwe, ngakhale basi ya kutauni yokhala ndi mbuzi padenga. Chofunda cha khanda chimasokedwa ndi nsalu za anthu olikonda kuti lizigona m'fungo la abale ake, choncho munalowa sari yanga imodzi, ziwiri za malemu apongozi anga, ndi ina imene Tuli anasiya.

Pa tsiku lachitatu, tisanayambe kusoka zenizeni, ndinawapeza atagwada pa kabokosi kawo kaja. Anatulutsa pansi penipeni sari yofiira psuu, yopindidwa bwino, ikununkha masamba oingitsira njenjete. Ndinatseka chitseko msangamsanga.

"Alamu, imeneyi mukadali nayo? Sanakulandeni?"

"Ndinaibisa m'pilo. Ndinaivala kawiri kokha. Ndinkati ndidzasokere mwana wanga, koma sanabwere. Ilowe pakati, ziwiri pamwamba, ziwiri pansi. Palibe adzaione."

Ndinawauza chimene iwonso ankachidziwa kuposa ine, kuti nsalu yosachapidwa imasuluka, ndipo yofiira ndiye yoipitsitsa. Inafunika kuichapa kudziwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kuimenya pathabwa mpaka madzi atayera.

"Ndipite kudziwe ine, ndi nsalu yofiira m'manja, mudzi wonse ukuona?" anafunsa.

Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. Ine ndinali ndi mwamuna, ufa wofiira wosonyeza ukwati uli pamzere wa tsitsi langa, ndipo palibe akanandiletsa kuchapa nsalu yofiira. Koma azimayi akudziwe amadziwa sari za aliyense ngati mmene amadziwira ana ake, ndipo ndinaopa funso loti, "Iyi mwaitenga kuti?" Ndinati ndichapa mawa. Mawa lake ndinati kudziwe kwadzaza anthu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Alamu ataona kuti masiku akutha, anaiviika kamodzi m'beseni kuseri kwa chitseko, madzi ake n'kukathira patsinde pa nthochi, nsaluyo n'kuiyanika kunsi kwa bedi. Sanandifunsenso.

Chofunda chitatha ndinachipendeketsa padzuwa kuti ndione ngati kufiira kukuonekera. Sikunkaoneka. Koma pakona ina ndinaona kamunthu kosokedwa ndi ulusi woyera pansalu yoyera, kakazi kataimirira, kakuyang'ana kuduwa lija. Sukanakaona pokhapokha utapendeketsa. Ndinafunsa kuti ameneyu ndani, iwo n'kuseka.

"Woonerera chabe," anatero.

Tsiku la mwambo ndinavala sari yanga yaukwati, monga amachitira agogo a mwana amene amuna awo ali moyo. Kwa asewere kunali anthu osayamba. Analiza chigoba cha nkhono, azimayi n'kuimba nthungululu, a Nitai n'kunyamula Bubai pamwendo n'kumulawitsa mpunga wamkaka wotsekemera. Mwana anakwinya nkhope, kenako anatsegula kukamwa kufuna wina, anthu onse n'kuseka kuti watengera agogo ake. Itafika nthawi ya mphatso, a Bishakha anamasula phukusi langa pamaso pa onse. A Bishakha ndi mayi woti akayamikira munthu ndiye kuti mvula igwa m'chilimwe, koma tsiku limenelo anasisita nsomba zija ndi chala nthawi yaitali.

"Asewere," anatero, "ena abweretsa mbale zamkuwa, koma mbale zili pamsika. Manja anu ndi amene kulibe pamsika."

Anamugoneka Bubai pakati pa duwa. Mwana anagwira chinkhwe chimodzi n'kuyesa kuchiika kukamwa. Denga silinagwe. Nthawi yanga inali imeneyo, ndipo ndinayamba kudzuka, bondo limodzi litachoka kale pamphasa.

"Komatu amasiye aja akwanu sanachikhudze, eti?" anafunsa a Bishakha akuseka, azimayi ena n'kuseka nawo.

Ndinaona nkhope makumi atatu zitandiyang'ana mwaulemu umene sindiupeza kwina kulikonse. Ndinakhalanso pansi.

"Sanachiyandikire n'komwe," ndinatero. "Ndimasokera m'chipinda, chitseko chotseka."

Tuli anali ataima kumbuyo kwa apongozi ake, nsalu ili kumutu. Anandiyang'ana kamodzi n'kuwerama. Amadziwa bwino amene anasoka, koma mtengwa wa chaka chimodzi ndi theka alibe pakamwa m'nyumba ya apongozi.

Titabwerera tinapeza alamu atakhala pakhonde pomwe tinawasiya, dzuwa likanali m'mwamba. Anadikira a Nitai alowe m'nyumba, kenako anandikoka dzanja.

"Mwanena?"

Bodza limodzi limaitana linzake. Ndinati ndanena. Ndinati a Bishakha anadabwa poyamba, koma kenako anati manja otero kulibe pamsika. Alamu anandibwerezetsa mawu amenewo katatu. Anafunsa ngati mwana anagonapo, anagona mbali iti, anagwira chiyani. Nditawauza za chinkhwe anaseka mpaka misozi. Iwo amadya kamodzi patsiku monga mwa lamulo la amasiye, koma madzulo amenewo anapempha kampunga kotsala, akuti njala yawagwira ngati mtsikana. Ine ndinakankhira mbale yanga pambali.

Mlandu suola. Panapita masiku asanu ndi atatu. M'mawa wina ndikupeta mpunga pabwalo ndinamva belu la njinga yonyamula anthu pachipata, ndipo ndinaona a Bishakha akutsika, phukusi lili kukhwapa. Alamu anawaonanso. Anthu amene kale mlendo akabwera ankathawira m'kachipinda kawo, tsiku limenelo anakonza nsalu kumutu, anatenga kampando ndi kapu yamadzi, n'kutuluka akumwetulira kukalandira munthu amene ankaganiza kuti anawayamikira.

A Bishakha sanayang'ane kampando. Anamasula phukusi n'kuliponya pansi pakati pa bwalo. Chofunda chija chinali chitasanduka chofiirira, ndi mabanga akuluakulu ngati magazi, duwa ndi nsomba zonse zitamira m'menemo. Pakona ina anali atasomola ulusi, ndipo sari yofiira inkasuzumira.

"Ndachichapa dzulo koyamba," anatero. "Dziwe lonse landiseka. Mwana masiku awiri thupi lili moto, sakuyamwa. Ndiye ndati ndione m'kati. Asewere, sari yanu yaukwati munaivala pamwambo, ndinaiona ndi maso angawa. Nanga iyi nja ndani?"

A Nitai anali atatuluka m'khola. Pampanda panayamba kuoneka mitu ya oyandikana nawo.

"Ndikufunsa inu. Si inu munanena pamaso pa anthu kuti amasiyewa sanachiyandikire n'komwe?"

Sindidzaiwala mmene alamu anatembenukira. Sanakwiye. Anangondiyang'ana, kapu yamadzi ikanali m'manja, kumwetulira kuja kukuchoka pang'onopang'ono. Ndikanakonda akanandimenya nayo kapuyo. Mulungu anandipatsa mpata wachiwiri pomwepo, wotseguka ngati khomo la khola. Ndikanati sari ndinaiona ikulowa, ndinalonjeza kuichapa ndine, ndipo chofunda chonsecho ndi zina zonse za zaka makumi awiri zinasokedwa ndi manja amenewa, ana onse amene anagonapo akuthamanga m'midzi muno. Koma ndinangofumbata lichero langa.

Alamu anaika kapu pansi.

"Ndi yanga, mayi," anatero. "Aloka sakudziwa kanthu. Anasanjika nsalu zake n'kupita kudziwe, ine ndinalowa m'chipinda n'kuilowetsa pakati mobisa. Iye anangosoka osaona. Tuli naye sakudziwa. Ukalamba wandipusitsa, ndimafuna kanthu kanga kafike kwa mwana."

Anandisiyira ulemu wonse, iwo n'kutenga mlandu wokha. Ndipo ine ndinaulandira ulemuwo ndili chiimire ndi lichero m'manja.

A Bishakha analankhula zambiri, zina zosayenera kubwereza. Anati munthu amene anadya mwamuna wake miyezi isanu ndi iwiri tsopano wafuna mdzukulu wawo. Anati aitana wansembe adzayeretse nyumba ndi mwana, ndipo Tuli ndi Bubai sadzapondanso pakhomo pano malinga ngati mayi ameneyu alipo. Atafika pachipata anatembenuka n'kundilankhula mofatsa, ngati munthu wolakwiridwa mnzawo.

"Inu mulibe mlandu, asewere, khoswe anali pamkhate. Musokereni mwana china. Mwezi umodzi ukukwanirani, ndi manja anuwo."

A Nitai sanachite phokoso tsiku limenelo. Anangoti walira mvula walira matope, achemwali anachenjezedwa, ndipo iwo sangataye mwana wawo ndi mdzukulu chifukwa cha nsanza. Anapita kukafunsa za basi ya kutauni ya akachisi ija. Atabwerako, nditawatsatira m'khola kuti ndiwauze zoona, anandidula. Anati akudziwa amene amasoka pakhomo pano, si akhungu, koma chimene mudzi wamva ndi chimene chachitika.

Basi inali ya Lachinayi m'mawa. Lachitatu masana ndinalowa m'kachipinda kaja, ndinawapeza akulongedza. Katundu wake anali wochepa, sari zoyera ziwiri, mbale, kapu, ndi mikanda yopempherera. Ndinagwada n'kugwira mapazi awo, ndikulira ngati mwana.

"Alamu, ndipita tsopano lino. Ndiwoloka mtsinje, ndikanena zonse. Ndiima pamsika ndikuwe."

"Dzukani, Aloka, mudetsa nsalu."

"Ndinalumbira pa zibangiri."

"Munalumbira. Tsiku lija mukananena, mwana ali paduwa akuseka, mwina mmodzi kapena awiri akanaganiza kawiri. Lero mukanena, mwana akudwala, mukudziwa chimene chichitike? Nyumba iliyonse imene munapitako ndi phukusi itulutsa chofunda panja n'kuchitentha. Ndawerenga, zilipo makumi anayi ndi chimodzi. Pena pakugona ana. Asiyeni agone."

"Ndiye mundikhululukire."

Anatembenukira kubokosi kuja. Anatenga chofunda chowonongeka chija, chimene a Nitai anati chitayidwe kudzala, n'kuchipinda bwinobwino. Asanachiike m'bokosi anachiika kumphuno.

"Anagonapo masiku asanu ndi atatu," anatero. "Achapa, koma likumvekabe fungo lake."

Kachitini ka masingano anakasiya pawindo.

Lachinayi a Nitai ananyamula bokosi pamutu, alamu akutsatira pambuyo. Ine ndinafika nawo pachipata pokha, chifukwa sindikanatha kupirira maso a anthu pamsewu. Azimayi ena akuchokera kudziwe anapatuka kuti nsalu yoyera isawakhudze, ndipo mmodzi wa iwo anali atabereka mwana m'chofunda chansomba chimene ndinamupatsa chaka chatha.

Tsiku lotsatira Tuli anaimba foni. Anati kutentha thupi kwatha, Bubai watuluka dzino lakumunsi, akuyamwa ngati kale. Apongozi ake akuti n'chifukwa cha wansembe. Kenako anatsitsa mawu n'kufunsa ngati azakhali ake ali pafupi kuti awapatse moni. Ndinamuuza kuti anapita dzulo.

"Amayi," anatero, "ndiye chofunda chinacho asoka ndani?"

Masana a tsiku limenelo, anthu atagona, ndinasonkhanitsa sari zanga zakale n'kulowa m'kachipinda kaja. Ndinaziyala pansi monga ndinkaonera, koma zinkangokwinyika, mbali iyi ikalunjika inayo n'kuthawa. Ndinati palibe kanthu, ndiyambe ndi chimene ndimadziwa. Ndinasolola ulusi wobiriwira m'mphepete mwa sari, ndinaunyowetsa ndi malovu, ndipo unalowa m'singano ulendo umodzi, monga mwa masiku onse. Ndinamanga mfundo, n'kutambasula dzanja kumanzere kuti alamu alandire.